Chimkono Chimene Chinkandiimira ku Fakitale

Chaka chija chambo chinayamba kusowa ku Nkhudzi ife n'kupachika makoka, inu a kabaza inu musanadziwe n'komwe kupalasa njinga, ndinalowa ntchito yosenza matumba pa fakitale ina yopanga chakudya cha nsomba kunja kwa boma kuno. Inde, chakudya cha nsomba, musaseke. Kale nsomba zinkatidyetsa ife, koma lero anthu ndiwo akuphikira nsomba, ndipo ine Bwanali ndinakalambira pa ntchito yoperekera chambo chakudya.

Pokoka khoka, mnzako unkamudziwira pa phewa. Phewa likatsika unkadziwa kuti akukoka, khosi likatembenuka unkadziwa kuti akupotoloka, ndipo palibe ankaponda mnzake. Mwananso akakumana ndi wamkulu ankaima kaye, n'kuwerama, n'kudikira kuti adutse. Koma pa fakitale paja kapitawo wathu anali Filipo, mwana amene bambo ake ndinkapalasa nawo bwato limodzi, ndipo ankangondiitana kuti "Bwanali!" wopanda Che, ngati akuitana galu.

Tsiku lina eni ake anabweretsa makina osanja matumba. Ophunzira ankati loboti, ife tinkangoti Chimkono, chifukwa chinali mkono umodzi wachitsulo, wopanda mutu, wopanda maso, wopanda phewa loti uwerengerepo maganizo ake. Anzanga osenza anawauza kuti akapume kwawo, ine anandipatsa tsache. Pansi anajambulapo mzere wachikasu kuzungulira chinthucho, ndipo amene anadzachimanga analankhula Chingerezi nthawi yaitali, koma Filipo potimasulira anangoti, "Musayandikire, chimapha." Basi.

Ndiye tinkachionerera patali, aliyense n'kumaona zake. Chinkawerama, n'kutola thumba, n'kupotoza khosi ngati kakowa, n'kuliika pansi mofatsa ngati mayi akugoneka khanda. Amayi osoka matumba ankati chikafulumira ndiye kuti chakwiya. Wina anati chikuwerama ngati munthu akuswali mu mzikiti, ndipo mnzanga Che Imedi, mlonda wa pa geti, anatsala pang'ono kumumenya ndi ndodo.

M'mawa wina ndikusesa, maganizo ali kwina, ndinaponda kuseri kwa mzere uja. Chimkono chinali chikutsika, ndipo chinangoti zii, chili chiweramire, thumba lili m'manja. Fakitale yonse duu.

Che Imedi anakuwa ali pakhomo, "Che Bwanali, mwaona? Chakuimirani! Wallahi, ndikulumbira, chakuimirani!"

"Mwina changotopa," ndinatero.

"Chitope lero lokha? Chaona imvi chimenecho."

Ana inu, simudziwa mmene zimakomera. Zaka zonse zija palibe anandipatsapo njira pa malo aja, ndipo lero chitsulo chochokera kutsidya kwa nyanja zamchere chikundiweramira. M'mawa mwake ndinavala kofia yanga yopitira ku mzikiti Lachisanu, ndinadikira Filipo alowe mu ofesi, n'kuwolokanso mzere. Chinaimanso. Ndinati, "Zikomo mwana wanga, walera bwino amene anakulera," amayi aja n'kululutira. Wina aliyense ankaopa kuyesa, choncho tonse tinatsimikiza kuti chimaimira ine ndekha. Unakhala mwambo wa m'mawa uliwonse, ndipo mbiri inafika mpaka kwa Mponda kuti kuli nkhalamba imene makina amaigwadira.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti chikaima choncho, lamba wobweretsa matumba amaimanso, malole n'kumadikira panja, mpaka Filipo abwere kudzadina mabatani akutukwana. Iye ankaganiza kuti makina awonongeka, ndipo palibe anamuuza. Mapeto ake anaitanitsa katswiri kuchokera ku Blantyre, amene anafika ndi bwana wamkulu. Anamasula, anamanga, osapeza vuto. Ine ndinaona kuti nthawi yoti Filipo aphunzire yakwana. Ndinakonza kofia, ndinasiya tsache, ndinayenda pang'onopang'ono pamaso pa onse, n'kuwoloka. Zii.

Filipo anagwira kumutu. "Bwanali! Kodi ndi iwe masiku onsewa?"

"Ndine Che Bwanali," ndinamuyankha. "Taona, chitsulo chakuposa ulemu. Phunzirako kwa ichi."

Katswiri uja anangochilizanso Chimkono. Ndiye muone tsoka langa. Che Imedi anali atasiya geti kuti adzaone ulemerero wanga, ndipo mbuzi ya kumudzi, itamva fungo la gaga, inalowa bwinobwino, n'kudutsa pakati pathu, n'kuwoloka mzere. Chimkono chinaima. Chinawerama chimodzimodzi, kutsika kwake komweko, kufatsa kwake komweko, pamaso pa mbuzi yonyowa ndevu.

Amayi omwe ankandilulutira aja anagwa pansi ndi phwete. Che Imedi, pofuna kundithandiza, anati, "Mwina nayonso ndi yaikulu kwawo." Katswiri anachilizanso, n'kutenga tsache langa lomwe, n'kulidutsitsa pa mzere, Chimkono zii, n'kunena kuti pali kuwala kosaoneka kumene chilichonse chikadutsapo makina amaima, kaya munthu, kaya mbuzi, kaya tsache. Anafotokoza m'Chichewa chomveka bwino, mawu amene Filipo akanatha kutiuza tsiku loyamba lija akanationa ngati anthu. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali kunja kwa geti, kofia ili m'manja. Mbuzi ija sanaichotse ntchito, ndamva kuti imalowabe.

Ndiye inu mumandiseka kuti ndimakalipa mukandiliza belu pamsika apa. Sindikana kuti mumaima, mabuleki muli nawo. Koma ndakupemphani, ana anga, mukaimira nkhalamba muzitsegulako pakamwa. Nenani kuti, "Dutsani, Che Bwanali." Tchulani dzina, kuti nane ndidziwe kuti mwaimira ine, osati chinthu chongodutsa.