Mtsuko wa Tsabola wa a Pang

Ku Chengdu munthu wosadya tsabola amamumvera chisoni ngati wamasiye, ndiye a Pang atabwera kwa sing'anga ali ndi zilonda m'kamwa, mtima unali m'mwamba. Anapeza akazi awo, a Suzhen, atanyamula kale mtsuko wawo wa tsabola kuti akapatse aneba.

"Mayi a Ling, tatulani kaye pansi."

"Sing'anga wati chiyani?"

"Wandigwira mtsempha, wandiona lilime, akuti moto wachuluka m'thupi."

"Basitu. Mtsuko ukupita."

A Pang anaima pakhomo manja atatambasula. Tsabola wa mumtsukowo anamuumika padzuwa okha, kumutakasa m'mawa uliwonse, ndipo ankamukonda kuposa abale awo ena. Mwamwayi, podikira pamzere anali ataloweza chithunzi cha zinthu zisanu zoberekana, moto, dothi, chitsulo, madzi ndi mtengo, chimene chinali pakhoma la sing'angayo, ndipo a Pang chilichonse cholembedwa pakhoma ankachikhulupirira mpaka kumapeto.

"Tandiuzani, chimazimitsa moto n'chiyani?"

"Madzi. Choka pakhomopo, nkhalamba iwe."

"Nanga madzi amabadwa kwa yani?"

"Kwa chitsulo. Ngakhale mwana wa mkaka amadziwa."

"Chitsulo?"

"Kwa dothi. Aaa, mtsukowu ukulemera."

"Nanga dothi?" A Pang anayamba kuvinavina ndi zala zakuphazi.

"Kwa moto."

"Ehee! Mwanena nokha. Popanda moto palibe dothi, popanda dothi palibe chitsulo, popanda chitsulo madzi achokera kuti? Ndiye kuti ndizimitse motowu, ndiyenera kudya tsabola. Wambiri."

A Suzhen anawakumbutsa kuti usiku wonse ankabuula ngati chitseko chakale. A Pang anati kumeneko kunali kuchepa kwa mankhwala. Anawonjeza kuti kuyambira lero adzathira tsabola ngakhale mu tiyi, osati chifukwa cha dyera ayi, koma pomvera sing'anga.

"Sing'anga wanena zimenezo?"

"Khoma lake lanena."

"Khomalo lili ndi zilonda m'kamwa?"

"Ayi ndithu. Mwaonatu kuti zimathandiza?"

A Suzhen anatula mtsuko patebulo. A Pang chimwemwe chinawakwera mpaka m'makutu, anathamangira kukatenga timitengo todyera akuimba. Pobwera anapeza mayiwo atsamira chivundikiro cha mtsuko ndi chigongono, kutsogolo kwawo kuli mbale ya msuzi wa mphodza, wozizira, wopanda ngakhale mchere.

"Bambo a Ling, mwandiphunzitsa zanzeru lero. Tatsirizani chithunzi chanucho. Madzi amabala chiyani?"

"Mtengo," anayankha monyada.

"Nanga mtengo?"

"Umabala... moto." Mawu anayamba kuchepa.

"Ndiye n'zoona zonsezo?"

A Pang anayang'ana mtsuko, anayang'ana mbale. Kutsutsa khoma sakanatha.

"N'zoona."

"Chabwinotu," anatero a Suzhen, akunyamulanso mtsuko kulunjika pakhomo. "Imwani madziwo mudikire. Tsabola wanu akupezani m'mimba momwemo."