Anawasocheretsa Masamu Pakhonde Panga

Moni awailesi ndi omvera nonse. Ndine mayi wa ku Kawale, ndipo ndikulemba mtima ukundiwawa.

Mwana wanga wamkazi ali Folomu 4. Iye ndi anzake ankakumana pakhonde panga kukonzekera mayeso, aliyense n'kumaphunzitsa anzake phunziro limene amalidziwa bwino. Masamu anapatsa mnyamata wina wanzeru kwambiri. Ineyo ndinkamuthirira tiyi ngati mwana wanga.

Zotsatira za mayeso oyeserera zitatuluka, gulu lonse linalephera masamu, iye yekha n'kukhoza. Anawo atayerekeza mapepala, anapeza kuti njira imene ankawaphunzitsa si imene iye analemba.

Nditamufunsa, sanachite n'komwe manyazi. Anati, "Amayi, chabwino ndi choipa zimatengera munthu. Kwa inu ndalakwa, kwa ine ndadziteteza. Malo a ku yunivesite ndi ochepa."

Mwana wanga analira, ndipo pano akuyambiranso masamu mayeso enieni atayandikira.

Makolo anzanga, muzimvetsera zimene ana akuphunzitsana. Ndipo iwe mnyamata, ndikudziwa ukumva. Ngati cholondola kulibe, bwanji papepala lako unasankha cholondola?