Ngalande ya a Pulofesa Shawa Sinathe

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951 ku Chiparamba, ndipo makolo awo, aphunzitsi a pamishoni, anawatcha Boaz Shawa. Tisabise, anali mwana wosakhazikika. Akawatuma kukatunga madzi, ankawapeza dzuwa lili paliwombo akuponya makoko a chimanga mumtsinje kuti aone mmene akuzungulirira.

Chibwana chomwecho ndicho chinadzawadyetsa. Atamaliza sekondale kuno ku Chipata mu 1970, anapita ku yunivesite ku Lusaka, kenaka ku Mangalande, kumene mu 1981 anatenga digiri ya udokotala pa za kayendedwe ka madzi ndi mpweya. Mu 1983 anamanga banja ndi amayi Dailes Miti, amene anapirira ndithu, poti beseni lawo lochapira linasanduka chida cha kafukufuku. Anaphunzitsa pa yunivesite zaka makumi atatu, nalemba mabuku awiri. Chachikulu chimene anapeza n'chakuti madzi otsika m'phiri sagonjera khoma. Amafooka ukawakhotetsa ndi kuwatsitsa pang'onopang'ono pa masitepe.

Atapuma pa ntchito, mtima sunapume. Mu 2022 anajambula ngalande ya ku Nabvutika, kumene mlongo wawo, amayi Felesita, amakhala m'munsi mwa phiri. Anakhoma zikhomo okha, koma impso zinawagwetsa, mpaka tinapita nawo kuchipatala ku Lusaka. Ife otsala, poona zikhomo zikupita mokhotakhota, tinati akuluwa ukalamba wawalowa. Tinazula, n'kuwongola ndi chingwe monga tichitira mizere ya kumunda. Kalanga ife! Mvula ya Januwale 2023 inatsika mwaliwiro mungalande yathu yowongokayo n'kugwetsa nyumba zinayi. Ya amayi Felesita inatsala ndi mng'alu woti dzanja n'kulowa. Manyazi ake tikali nawo mpaka lero.

Sanatikalipire. Anabwera akutsimphina ndi ndodo, nakhomanso zikhomo chimodzichimodzi. Madokotala anati agone, koma m'mawa uliwonse bedi tinkalipeza lozizira, eni ake ali kuphiri. Anatisiya pa 28 Okutobala 2024, patatsala makona atatu okha a ngalandeyo osakumba, omwe ali kumtunda kwa nyumba ya mlongo wawoyo.

Asiya amayi Dailes, ana atatu, a Hazel, a Clement ndi a Mwayi, zidzukulu zisanu ndi mlongo mmodzi. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a chigwirizano, anamwino amene ankawathamangitsa kuti amwe mankhwala, ophunzira awo ochokera kutali, ndi inu nonse amene mwakumba nyumba yawo yomaliza.

Koma chonde, makasu ndi mafosholo musabwerere nawo kwanu. Mitamboyo mukuiona nokha, ndipo amayi Felesita alibe kwina kopita. Zikhomo zili momwe anazisiyira. Mawa m'mawa tikumane ku Nabvutika, ndipo pasapezeke wobwera ndi chingwe.

Sanakhazikikepo ali moyo. Tiyeni tikamalize ngalandeyo, kuti mzimu wawo uuse mumtendere.