Injini Imene Tinapempha ndi Mbuzi

Ine, Sebastiano Chapepa, wa m'mudzi wa Nyakamera, mfumu yaikulu Makhuwira, boma la Chikwawa, ntchito yanga ndi kuwolotsa anthu pa Shire ndi mwadiya, bwato losema la mtengo umodzi. Zaka zanga sindizidziwa, koma pa njala ya 49 ndinali ndi ana atatu kale, ndiye bwana sajeni akuti alemba makumi asanu ndi awiri. Kusukulu sindinapiteko. Ndabwera kudzanena za Hilario Fombe, mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Priska, amene ali m'chitolokosi muno pa mlandu woti anaba injini ya galimoto. Mundilole ndiyambire poyambira, ndipite pang'onopang'ono.

Mudzi wathu uli tsidya lija, kuseri kwa dambo. Madzi akadzaza timatsala pachilumba, pomwe chipatala chili tsidya lino. Chaka chatha tinakhoma boti lamatabwa pa ntchito yachitukuko, lokwana anthu khumi ndi machira a wodwala. Botilo n'lolemera. Mtsinje ukasefukira, amuna anayi amapalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Kuyambira nthawi imeneyo takhala tikunena kuti likufunika injini.

Hilario ndi makaniko kugalaja ya kuesiteti ya nzimbe. Mkulu wake ndi mzungu wa ku Morishasi. Dzina lake limandipota lilime, tonse timangoti Bwana Injiniya. Bwanayo ali ndi kagalimoto kofiira ka ku Jeremani, kakafupi, ka mipando yachikopa, ndipo kamathamanga kwambiri.

Mvula itangoyamba, Wiliyamu, kuki wa bwanayo, anakwera mwadiya wanga popita kukaona amake. Tili pakati pa madzi anandiuza kuti pakhonde la bwana wake pali nkhani imodzi yokha masiku ano. Azungu anzake akabwera Loweruka amatsegula magazini ya zithunzi za magalimoto n'kumakangana. Akuti eni fakitale ya magalimoto akufuna kusintha injini za timagalimoto tothamanga ta mtundu umenewo, achotse yaikulu, aike yaing'ono koma yaukali kuposa yoyambayo. Ena amati n'zoona, ena amati n'zabodza, ndipo bwana wake amachita kumenya tebulo. Ndinamufunsa ngati ka bwana wakenso kasinthidwe. Iye anati kalekerenji, popeza n'ka mtundu womwewo.

Ndinakafunsa Hilario kuti yaing'ono ingapose bwanji yaikulu. Anandiuza kuti m'kati mwa injini muli ngati minsi yosinja m'mitondo. Ya bwana ili ndi minsi isanu ndi umodzi, pomwe imene akunenayo idzakhala ndi inayi, koma yosinja mofulumira. Anawonjeza kuti zoti bwana asintha yake, iye sanamve.

Nkhaniyo inayenda yokha. Ine ndinauza awiri atatu padoko, Wiliyamu naye anauza ena pamsika. Pobwerera kwa ine inali itakula. Ena ankati injini yatsopano ili kale pa lole ku Mwanza, ena ankati yatsika ndi ndege ku Chileka.

Kumayambiriro kwa Disembala kagalimotoko kanalowa m'khwawa lodzaza pa msewu wa kufakitale, kanamwa madzi ndi matope. Thirakitala ndi imene inakakatulutsa. Bwana anauza Hilario kuti achotse injini. Anaichotsa, anaikhazika pa tayala lakale pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kuifunditsa lona. Bwana anamuuza kuti aisiye pomwepo chifukwa kukubwera bokosi kuchokera ku Joni. Anthu atamva za bokosi anati basi, zija zachitika, yakaleyo yatayidwa.

Tinakhala pansi kumudzi, tcheyamani wathu wa chipani alipo, ndipo tinagwirizana zokaipempha kuti tiiike m'boti. Anatuma ine chifukwa cha ukulu, ndiponso chifukwa Hilario ndi mkamwini wanga. Hilario yekha ndiye anatsutsa. Mawu ake ndikuwakumbuka. Anati, "Apongozi, ine ndamva za bokosi, za injini sindinamve." Ndinamuyankha kuti asavutike, mbuzi ikatifunsira.

Apa bwana sajeni alembe bwino, chifukwa iwo ndi a kumtunda. Kumudzi kwathu chinthu chachikulu sitipempha ndi pakamwa pokha. Timapita ndi mbuzi yomangidwa chingwe chatsopano, timanena mawu athu, n'kuisiya. Sitiumiriza munthu kuyankha pamaso pathu, angachite manyazi kukana. Akakana, amabweza mbuzi ndi chingwe chake, ndipo palibe chidani. Akavomera, mbuzi imatsala, chingwe chimabwera chokha. Ndi mmene ndinapemphera dimba limene ndimalima, ndi mmene bambo a Hilario anapemphera malo omangapo nyumba.

Kutatsala pang'ono Khirisimasi ndinatenga mbuzi yofula, yakuda, ya banga pamphumi. Chingwe ndinapota ndekha, cha mlaza. Ndinafika kunyumba kwa bwana dzuwa litakwera. Bwana anali kufakitale, ndinapeza akazi awo, Dona Molly. Ndinakhala pansi pafupi ndi masitepe, Wiliyamu anaima pakati pathu kuti amasulire. Ndinayamba ndi moni wa mudzi wonse. Ndinanena za madzi, za boti, za amayi apakati amene timawanyamula. Pomaliza ndinati tamva kuti kagalimoto kalandira injini yatsopano, ndiye yakale ija isawolere pansi pa mango, atipatse ife. Ndinalankhula nthawi yaitali. Wiliyamu anamasulira mawu ochepa kwambiri. Ndinayesa kuti Chizungu ndi mmene chilili, n'chachifupi.

Dona anamwetulira, anasisita mbuzi pamutu, anandipatsa tiyi wa mkaka ndi buledi. Ndikutsanzika analoza chingwe, analankhula ndi Wiliyamu, Wiliyamu anachimasula n'kundipatsa m'manja. Mbuzi anaitsekera m'khola la nkhuku. Ndinaomba m'manja, ndinati takhuta, ndiko kuthokoza kwa kwathu, ndinanyamuka.

Nditafika padoko la kwathu ndinakweza chingwe m'mwamba, amayi anayamba kululutira. Hilario anachitenga, anachitembenuza, anandifunsa ngati anandipatsa okha kapena ndinachipempha. Ndinati okha. Anandifunsanso ngati ndinatchula injini ndi dzina lake. Ndinati ndinaitchula. Pamenepo anati chabwino, koma tidikire Khirisimasi ipite, mwina mbuzi ibwerera. Khirisimasi inapita, mbuzi sinabwerere. Wiliyamu anatiuza kuti inaphedwa, alendo anadya.

Chaka chitalowa, bwana ndi dona anapita kwawo kutchuthi. Loweruka lotsatira tinabwereka ngolo ya ng'ombe ziwiri. Tinapita amuna asanu ndi mmodzi, ndipo amayi ena anatitsatira. Kunali masana, dzuwa likuswa mtengo. Wiliyamu kunalibe, ankati wapita kuchigayo. Mlonda wa panyumbapo anatithandiza kunyamula, chifukwa naye anadyako matumbo a mbuzi ija. Lona ndi tayala tinazisiya, popeza sitinazipemphe. Pageti la esiteti alonda anatifunsa, tinawaonetsa chingwe, mmodzi wa alondawo ndi wa kwathu, anakweza mtengo wotchinga njira. Padoko anyamata a Yufi anatifunsa makadi a chipani, tinaonetsa, kenako iwo omwe anagwirako potsitsira injini m'boti. Amayi ankaimba njira yonse. Palibe chimene tinabisa.

Kumudzi tinaimangira chisakasa pafupi ndi tchalitchi, tinaikhazika pa mitengo kuti chinyezi chisaifike. Hilario ankabwera Lamulungu lililonse tikatuluka m'mapemphero. Anaimasula, anachotsa matope, anaitsuka ndi parafini, anaumitsa zitsulo pamphasa. Palibe amene ankaloledwa kugwira. Lamulungu lachitatu anabwera ndi batire ndi petulo wa m'chigubu. Inatsokomola kawiri, kachitatu inalira. Nkhuku zinathawira kudambo. Amayi ena okalamba anabwera kudzaiona, mmodzi anafunsa ngati idzadziwa njira ya kuchipatala. M'boti tinali tisanaiike, chifukwa Hilario ankafunafuna chitsulo chachitali chozungulitsa chopalasira.

Lolemba lapitali m'mawa ndinapeza apolisi awiri ndi Bwana Injiniya padoko la tsidya lino. Anati ndiwawolotse. Ndinawawolotsa. Ndinayesa kuti bwana akudzaona mmene mphatso yake ilili, ndiye nditafika ndinatuma anthu kuti agwire nkhuku. Bwana analunjika kuchisakasa, anayang'ana injini mbali zonse, anaisisita ndi chala, anayang'ana chalacho. Analankhula ndi apolisi m'Chizungu. Wapolisi mmodzi anafunsa kuti anaichotsa kunyumba ndani. Ndinati tonse. Anati sangamange mudzi, akufuna wodziwa sipanala. Ndinawauza za mbuzi, koma wapolisiyo anati za mbuzi tikanene kuofesi. Injini tinaikwezanso m'boti, tinaiwolotsa tokha. Hilario anakamutenga kugalaja tsiku lomwelo. Priska anauzidwa kuti mlandu ukapita kukhoti, ntchito yatha ndipo ndende ndi ya zaka.

M'mawa mwake ndinabwera pano, anandiuza kuti wodandaula ndi bwana, ndiye mlandu uli m'manja mwake. Ndinakafuna Wiliyamu, ndinamupeza kuseri kwa khitchini akusenda anyezi. Ndinamufunsa kuti tsiku lija anawauza chiyani dona. Anayamba wanena kuti anyezi akumuwawa m'maso. Kenako anavomera kuti anangoti anthu a tsidya abweretsa moni wa Khirisimasi. Za injini sanatchule, chifukwa ankaopa kuti bwana adziwa kuti nkhani za pakhonde amazitulutsa ndi iye. Za chingwe anati dona anangonena kuti nkhalambayi ingachifune kunyumba, chikuoneka chatsopano. Ndinamufunsa ngati iye, mwana wa kwathu, sankadziwa tanthauzo la chingwe. Anati ankadziwa, koma ankayesa kuti injini yatsopano ifika bwana asanabwere, ndiye zonse zikhala bwino.

Dzulo madzulo, dzuwa litapendeka, ndinapita kwa bwana ndi Priska. Mwana wangayu anafika Sitandade 8, Chizungu amachimva. Ndinamuuza kuti amasulire chilichonse, ngakhale kutsokomola. Tinakhala pansi pa masitepe omwe aja. Bwana anatuluka ndi dona. Ndinanena zonse zimene ndanena panozi, ndipo ulendo uno Chizungu chinatalika ngati mawu anga.

Bwana anafunsa kuti injini yatsopanoyo tinaimva kuti. Nditanena za magazini, analowa m'nyumba, anabwera nayo, anandionetsa chithunzi. Anati zimenezo n'za magalimoto amene sanapangidwe n'komwe, a mpikisano, ndipo ngakhale olembawo akungomva mphekesera. Iye ankamenya tebulo chifukwa safuna kuti asinthe, amakonda kulira kwa yakaleyo. Bokosi la ku Joni linabweradi, anandionetsa. N'laling'ono, lokwana m'khwapa, muli timphira ndi tizitsulo tokonzera injini yomwe ija.

Kenako anatembenukira kwa dona, anafunsa za mbuzi. Dona anati ndi imene anawotcha pa Khirisimasi, ndipo chiwindi anadya bwana mwini. Bwana anavula magalasi, anawapukuta. Anafunsa Priska kawiri ngati kudya mbuzi ndiko kuvomera. Priska anati kudya ndi kubweza chingwe. Dona anagwira pakamwa. Bwana anaitana Wiliyamu, Wiliyamu anabwera atagwira chipande, anavomera zonse. Priska anapepesera Wiliyamu, ndipo bwana anangomuuza kuti abwerere kukhitchini, nyama ingapserere.

Atatero bwana analankhula m'Chichewa chake. Mawuwo ndikuwakumbuka monga anawanenera. Anati, "Mbuzi ine anadya. Mlandu ine safuna."

Za boti ananena kudzera mwa Priska. Anati injini ya kagalimoto kake si yoyenera, imamwa petulo wambiri ndipo ikanagwedeza matabwa mpaka misomali kuzuka. Pamafunika ya dizilo, yoyenda pang'onopang'ono ngati ya pampu. Anati abwera Lamulungu ndi Hilario kudzayesa botilo ndi tepi, kenako akalankhula ndi akulu anzake ngati pangapezeke ina yopuma pantchito. Ndinauza Priska kuti amufunse ngati limeneli ndi lonjezo. Anati si lonjezo. Ndinati amufunsenso. Anaseka, anati si lonjezo, koma Lamulungu abwera. Zimenezi zilembedwe momwemo, kuti pasabukenso nkhani ina padoko.

Lero m'mawa bwana anafika pano ine ndisanafike. Analowa kwa akulu a polisi, anatuluka, anandigwira chanza, n'kupita kuntchito. Bwana sajeni anandiuza kuti dandaulo lachotsedwa, koma buku silingatsekedwe popanda mawu a amene anapita ndi mbuzi. Ndiye ndanena. Amene ananyamula mawu a mudzi ndine, amene analandira chingwe ndine. Hilario anakana poyamba, anadikira Khirisimasi, anatsatira zimene ife akulu tinamuuza, ndipo injini wabweza yotsuka, yolira.

Pamene ndikulankhula pano, lamba wa Hilario ndi nsapato zake azitulutsa, zili patebulo ili. Priska ali panja pansi pa mtengo ndi malaya ochapa. Bwana sajeni akuti ndikadinda chala, atenga makiyi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndamva, ndi mawu anga. Bweretsani inkiyo.

Chidindo cha chala chamanthu cha kumanja: SEBASTIANO CHAPEPA

Wolemba ndi kuwerengera mboni: Sajeni Bauleni, Polisi ya Nchalo, Febuluwale 1987