Chikwanje Chinapeza Masamba Okha M'dengu

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga amene mukulera ana m'nyumba zopanda mtendere. Ine ndine Esinati, ndimathyola tiyi pa esiteti ina chakufupi ndi kwa Nchilamwela. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mundipirire mawu anga akamakhota. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Tiyamike, amene imfa inamununkhiza kawiri, koyamba ndi matenda, kachiwiri ndi chikwanje cha bambo ake omubereka.

Tiyamike atangoyamba kukwawa, mwamuna wanga anaimitsidwa ntchito yodulira tiyi, ndipo anayamba kachasu. Ine ndinkathyolabe, koma pakhomo tinkagonera makaka. Bere langa linauma. Mwana ndinkangomupatsa phala lamadzimadzi la mchere, basi mapazi ake anayamba kutupa, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Tsitsi linafiira, kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamphaka.

Alamu anga, achemwali a mwamuna wanga, anabwera kudzamuona. Anagwira mapaziwo, n'kunena ndili pomwepo kuti, "Achimwene, ili ndi tsempho. Mkazi wanuyu wayenda ndi mwamuna wina, kenako wathira mchere m'ndiwo. Mwanayu wamusempha."

Abale anga, Mulungu ndi mboni, sindinayendepo ndi munthu. Koma kuyambira tsiku limenelo mawu anali amodzi: "Tchula dzina!" Mwamuna wanga ankandimenya ndi lamba, mbali ya chitsulo ija. Anandiponda pamimba, anandimenyetsa mutu pachitseko mpaka dzino linaguluka. Kuchipatala analetsa, ati matenda a tsempho akalandira jakisoni mwana amafa. Nyumba za antchito za pamalaini zinagundana, aliyense ankamva, koma ankangokweza wailesi poti ndi za m'banja. Pemphero lalitali ndinalibe. Ndinkangoti, Yesu, ine ndisiyeni, koma muoneni mwanayu.

M'mawa wina ndinadzuka ndikumva chitsulo chikulira pamwala. Mwamuna wanga anali pakhonde akunola chikwanje chake chodulira tiyi. Sanakalipe ayi, ndiye zimene zinandiopsa kwambiri. Anangoti, "Ndikubwera. Ukapanda kutchula lero, wina mwa awirinu ndithana naye." Anachitenga n'kulowera komwera mowa.

Tiyamike kumubereka kumsana sindikanatha, anthu akanamuuza mwamuna wanga kuti ndathawa ndi mwana. Ndinatenga dengu langa lothyolera tiyi, ndinayala chitenje pansi, ndinamugoneka Tiyamike, ndinamufunditsa china, ndinabereka dengulo n'kulowa m'gulu la anzanga opita kumunda. Kopita kwenikweni ndinalibe. Nditacheuka ndinaona alamu ataima pakhomo pawo, maso ali padengu.

Apa ndifotokoze kaye. Amayi a mpingo wa pa esiteti yathu ali ndi chisakasa m'mphepete mwa munda, pansi pa mabulugamu. Amayi amene anapuma kuthyola amasungirako makanda, n'kumawaphikira phala la soya ndi nsinjiro kuchokera ku ufa umene aliyense amasonkha. Ali ndi mwambo winanso. Akaona kuti dengu la mayi woyamwitsa lapepuka, amasinthana naye, kumupatsa lawo lodzaza kuti akapitao asamukalipire kusikelo. Amati kusenzerana. Ine ndinkawazemba, chifukwa mwamuna wanga ankati ndi gulu la miseche.

Tsiku limenelo mumzere woyandikana ndi wanga munali amayi Namaona, mmodzi wa amayi a mpingowo, munthu wosalankhulalankhula. Anamva dengu langa likubuula. Anayang'ana mlomo wanga wotupa, anasuzumira m'dengu, anakweza chitenje, anaona mapazi aja. Anangoti, "Tula, mwanawe. Senza langali."

Tinasinthana monga amachitira masiku onse, moti ngakhale akapitao sanacheuke. Iwo anapatsira mayi wina, winayo anapatsira wina, dengu la mwana wanga linayenda pamisana ya amayi mpaka linazimirira cha kuchisakasa.

Dzuwa litakwera ndinamva anthu akukuwa. Mwamuna wanga ankabwera akudula njira pakati pa tiyi, chikwanje chili m'mwamba, alamu ali pambuyo. Amene munalowapo m'munda wa tiyi mukudziwa, mitengo imafika m'chiuno ndipo inalukanalukana, sungathamange. Ndinangoima.

"Ali kuti mwana wachigololoyo?"

"Ali m'dengumo, achimwene! Ndinamuona ndi maso angawa!" anakuwa alamu.

Mwamuna wanga anandilunjika nacho chikwanje chija. Ine ndinatembenuka kupereka msana, monga thupi linazolowera likamamenyedwa. Chinalowa m'dengu kuti khaa, chinadula nsungwi, chinapyoza masamba, nsonga yake inanditema paphewa. Anachizula n'kutemanso.

Abale anga, ndinaiwala. Ndinaiwaliratu kuti tinasinthana. Msana wanga unkamvabe kulemera kwa mwana. Ndinagwada n'kukhuthula dengu, ndikufukula masamba ofiira ndi magazi, ndikuitana Tiyamike, Tiyamike, kufuna kamwendo, kufuna kamutu. Alamu nawo anagwira kumutu akulira kuti sankadziwa kuti zifika apa. Amayi Namaona anandigwira nkhope ndi manja awo okhakhala ngati khungwa, n'kundiyang'anitsitsa.

"Esinati! Magaziwa ndi ako. Mwana ali kuchisakasa, akumwa phala."

Nditadzutsa mutu ndinaona amayi onse a m'mundamo atamuzungulira mwamuna wanga, madengu atawaika kutsogolo ngati zishango. Anatema limodzi, anatema lina, koma iwo ankangoyandikira akufuula dzina la Yesu, mpaka anamupanikiza n'kumugwetsera pamitengo ya tiyi. Alonda anafika n'kumumanga, ndipo pano ali kundende.

Ine ndi Tiyamike anatitengera kuchipatala tsiku lomwelo. Ine anandisoka. Anamwino atamuyeza Tiyamike anati palibe tsempho, ndi njala, thupi lasowa zakudya. Anamugoneka n'kuyamba kumupatsa mkaka, kenako chiponde. Amayi a mpingo ankasinthana kutidikirira, ena mayina awo sindinkawadziwa n'komwe. Titatuluka amayi Namaona anatitengera kwawo, ati, "Mphasa ilipo, musabwerere kumalaini."

Mapazi aja anaphwa. Lero Tiyamike akuthamanga, amalanda anzake masupuni kuchisakasa. Alamu anabwera tsiku lina ndi nthochi za ku Masambanjati, anagwira mapazi a mwana nthawi yaitali, pepani sanatchule, anangolira. Ndikupempherabe kuti mtima wanga uwamasule. Mantha nawo sanathe. Munthu akamanola mpeni ndimasaka mwana wanga ndi maso, ndipo dzanja lamanzere silikwera bwino.

Koma ndikuyamika Mulungu amene anachotsa mwana wanga kumsana kwanga chikwanje chisanafike. Inu amayi, mwana akatupa thamangirani kuchipatala, musadikire kuti wina atchule dzina. Mukamenyedwa uzani amayi anzanu, musapirire nokha. Ndipo inu oyandikana nawo, chonde tsitsani wailesi.

Dengu lija analisoka ndi waya, lili kuchisakasa, timasungiramo ufa wa phala la ana. Ndikapita kukatapa ufa ndimalowetsa zala m'mabala ake awiri aja, kenako ndimacheuka kumuona Tiyamike ali ndi phala mpaka m'makutu. Ambuye alemekezeke. Ameni.