Mwala wa mu Impso pa Mzere wa Saladi

Mu 1987 mafuta ophikira, amene timawatcha saladi, atasowa, mzere wa saladi ku Kabwata unafika mpaka kumsewu. Bambo wina ankangogwira m'chiuno akubuula, ndipo mayi amene anali pambuyo pake anayamba kumufunsa.

"Shani, ba tate, bwanji kodi, mwadya chiyani?"

"Ndi mwala wa mu impso, amai. Adokotala akuti anding'ambe Lachinayi."

"Mpeni? Osayesa! Imwani chibuku chambiri, mwala umatuluka wokha ndi mkodzo."

"Ndinamwa mwezi wathunthu. Mwala ulipobe, yomwe inatuluka ndi ntchito."

"Abwana amene ndimawachapira ku Kabulonga anapita ku London. Kumeneko makina amangouphwanya, osakhetsa magazi."

"Amenewo ndi apamwamba, impso zawo zimakwera ndeke. Khadi la chipani nanenso ndili nalo, koma langa limangondilowetsa mumsika."

"Ndiye kaonaneni ndi sing'anga."

"Wa ku Chelstone anandiyamwa pamsana, n'kulavula mwala. Nditauyang'anitsitsa, unali ndi phula la mumsewu."

"Ameneyo ndi wakuba. Weniweni ali ku Avondale. Amuna anga, ba Amock, anali ndi mwala ngati inuyo. Atakana mpeni, iye anawapatsa mizu yowawa. Sabata isanathe, mwala unagwera m'beseni kuti ngwee!"

"Zoona? Ndiye mundiperekeze ndikawafunse okha ba Amock."

"Aa, iwo tinawaika kumanda a ku Chingwere mwezi womwewo. Koma mwalawo unatuluka, ba tate. Ndinauona ndi maso angawa."