Manja a Mwana Wanga Yamikani

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Esinati, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Yamikani, amene anabadwa ndi matenda a magazi osaundana, ndi mmene anthu anamuzunzira chifukwa cha manja ake.

Kuyambira ali wokwawa, akangodzigunda pang'ono khungu linkada ngati wamenyedwa. Pokula, zigongono ndi mikono zinkatupa n'kuuma, zala n'kumapindika. Mabatani a malaya sankatha kumanga, sipuni inkamupulumuka. Kusukulu pensulo ankaigwira ndi chibakera, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Nkhanu. Aphunzitsi ake ankati ndi ulesi. Ankamutambasulitsa manja omwewo n'kumamumenya ndi rula, kalasi yonse ikuseka. Tsiku lina anabwera dzanja lamanja litatupa mpaka zala zosaoneka bwino, koma sankalira. Anangoti, "Amayi, mawa ndiyesetsa."

Ine ndili kuntchito, apongozi anga anamutengera kwa sing'anga wa kumalire, amene anamutema mphini mikono yonse iwiri. Magazi sanasiye. Ndinamupeza atagona pamphasa milomo itayera, zitenje zanga zitanyowa. Kuchipatala anamuwonjezera magazi, anapulumuka. Bambo ake anati kwawo kulibe ana otere, ndipo anapita kukakwatira ku Chonde. Nyumba ya kampani inali m'dzina lawo, choncho akampaniwo anatitulutsa. Azimayi anzanga m'munda wa tiyi ankanong'onezana kuti ndinakhwimira mwana wanga. Ndinafika pouza Mulungu kuti ngati simumuchiritsa, ingomutengani, watopa.

Mulungu sanamutenge. Tsiku lina tinakwera minibasi pa Chitakale, ndipo pambali pathu panakhala bambo wina wovala kofia ya Chisilamu, bondo lake louma, ndodo ili m'manja. Anayang'anitsitsa mikono ya Yamikani, kenako anandifunsa, "Mayi, mwanayu akadzicheka, magazi amasiya?" Ndinachita mantha, ndinkaganiza kuti nawonso ayamba zonena za anthu. Koma iwo anapinda malaya n'kundionetsa chigongono chawo chokhota. "Matenda akewa ndi anga omwe. Sanalodzedwe ayi." Anali Che Jafali, telala wa pa Nkando. Sabata yotsatira anatseka shopu yawo n'kutiperekeza okha kuchipatala chachikulu ku Blantyre.

Kumeneko anamuyeza n'kutiuza kuti matendawa ndi himofiliya. Magazi amatayikira m'kati mwa mfundo, n'chifukwa chake manja ankauma. Adokotala anati nthawi zambiri mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake. Ndinakumbukira mlongo wanga amene anamwalira ali mwana atangomuzula dzino, ndipo ndinalira pamaso pa adokotala. Uthengawu utafika ku Chonde, bambo a Yamikani anangoti, "Si ndinanena ine."

Koma thandizo linapezeka. Akatupa amamubaya jakisoni wothandiza magazi kuundana, ngakhale nthawi zina timapeza watha. Mayi wina wa kuchipatalako, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, anationetsa zochita kunyumba: kufinya dongo lofewa, kutola nyemba imodziimodzi, ndi kukulunga pensulo ndi nsalu kuti ikule, igwirike. Zinkamupweteka, masiku ena ankataya nyembazo n'kutembenukira kukhoma. Pang'onopang'ono zala zinayamba kumvera. Zala ziwiri za dzanja lamanja sizinawongokenso, ndipo adokotala anati zinaonongeka ndi kumenyedwa kuja. Aphunzitsi aja sanapepese. Ndinamusamutsa sukulu.

Sindikunamizani kuti anachira. Matendawa adzakhala nawo moyo wake wonse, ndipo akamasewera ndi anzake mtima wanga umakhala m'mwamba. Koma ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira munthu wa chipembedzo china pamene a mpingo wanga omwe ankandilambalala. Inu amene muli ndi mwana amene manja ake sakugwira bwino, musamukalipire, musalole munthu amumenye kapena kumucheka. Pitani naye kuchipatala, mukabwezedwa mupitenso, ndipo musasiye kupemphera.

Lamulungu lapitali nditachoka kutchalitchi, Yamikani anandikhazika pakhonde n'kundiletsa kugwira ntchito. Anatenga nandolo wamuwisi n'kuyamba kusenda yekha. Anachedwa kwambiri, wina ankagwera pansi nkhuku n'kutola, koma mbale inadzaza. Ndiwo za tsiku limenelo tinadya za manja ake. Ambuye alemekezeke.